Sajeni ya Atsibweni Anga

Ine ndine wamfupi, ndipo sindifuna kukumbutsidwa. Ndidakula ndikuponyerana zibakera ndi anzanga chifukwa cha nkhani imeneyi, ndipo mpaka lero munthu akandiyang'ana pamutu m'malo mondiyang'ana m'maso, mtima umandinyamuka. Koma nkhani ya atsibweni anga siingakambike popanda msinkhu wangawu, ndiye ndayamba kudzinena ndekha musanandinene.

Atsibweniwo, mlongo wawo wa amayi, adachoka kwathu ku Mitundu ine ndisanabadwe. Dziko litangolandira ufulu kudabuka mikangano ya ndale, iwo ali mnyamata wa pakamwa posatseka, ndipo adathawira ku Tanzania. Kumeneko adapeza mwayi wa sukulu ku Rasha. Pakhomo pathu dzina lawo silinkatchulidwa. Anyamata a chipani akabwera kudzafunsa, amayi ankayankha kuti alibe mlongo. Ine ndidakula wopanda mwini mbumba, mwakuti pamene ndinkakwatira ku Nathenje unkhoswe wanga adaugwira munthu wobwereka.

Zipani zitachuluka, boma litanena kuti othawa onse abwerere, munthu uja adatulukira. Uthenga udandipeza kumunda ku Nathenje, ndipo ndidapalasa njinga mpaka ku Mitundu kuti ndikaone ndi maso anga. Ndidapeza nkhalamba yaitali ngati mlongoti, ya imvi mutu wonse, itavala chijasi cholemera kunja kukutentha, ikutsokomola. Amayi adandiuza pambuyo pake mmene zidakhalira pofika. Akuti atsibweni atawaona adaponya chikwama pansi n'kutambasula manja onse awiri kuti awakumbatire, monga amachitira kumene adachokerako. Amayi adagwada chapatali n'kupereka dzanja, monga mlongo amachitira kwathu. Munthu adangoima choncho manja ali m'mwamba, anthu akuyang'ana. Amayi adakalirira kukhitchini.

Sadabwere ndi chuma. Amene ankayembekezera galimoto adakhumudwa msanga. Chimene adabwera nacho chidali chithunzi cha mtsikana wamtali woyera, wa tsitsi lopotana, wa mphuno ngati ya amayi anga. Adali mwana wawo, msuweni wanga, amene adamsiya ku Rasha mayi ake atamwalira.

“Mkazi wako uyu, mphwanga,” adatero akundipatsa chithunzicho, poti msuweni timamseka choncho. “Koma udzafunika kukwera pampando kuti umuuze mawu kukhutu.”

Akadakhala wina ndikadamuyankha zoti sakadaiwala. Koma ndidaseka, chifukwa kadali koyamba m'moyo mwanga kuti munthu anditche mphwake.

Mtsikanayo adawauza polekana kuti akamanga nyumba yokhala ndi chipinda chake adzabwera kudzaona kwawo kwa bambo ake. Kuyambira tsiku limene adafika, atsibweni sadalankhule za ndale, ngakhale anthu ankawakoka kuti akaime pamisonkhano. Nkhani yawo idali nyumba basi, ya zipinda ziwiri, china chawo, china cha mwana.

Apa m'pamene tidamvera za sajeni. Tsiku lokhoma zikhomo pamalo, mmisiri wa m'mudzi adatulutsa tepi yake, koma atsibweni adati ayi, nyumba iyi tiyeza ndi sajeni. Adatikhazika pansi pa mtengo wa mango n'kutifotokozera. Adati sajeni ndi muyeso wakale wa anthu a ku Rasha, umene makolo awo ankayezera minda, nyumba, zingwe ndi milu ya nkhuni. Boma lakumeneko lidausiya kalekale n'kutenga mita, koma nkhalamba za kumidzi zidaugwiritsitsa. Adati sajeni zilipo zingapo. Ya anthu wamba ndi mkwamba wathu womwewu, kutambasula manja, kuchokera kunsonga ya chala ichi kufika kunsonga ya chala icho. Ina amayeza mopingasa, kuchokera ku chala cha phazi lamanzere kufika kunsonga ya dzanja lamanja utalikweza m'mwamba. Koma poti anthu sitilingana, mafumu akumeneko adakhazikitsa sajeni ya boma, yosasintha, yotalika mapazi asanu ndi awiri, kupitirira pang'ono mamita awiri. Imeneyo amaigawa patatu, ndipo chigawo chimodzi amachitcha arishini.

Ine pamenepo ndidamva mawu amodzi okha, akuti mkwamba. Zinazo zidalowera khutu ili n'kutulukira linali, chifukwa ndidali nditayamba kale kuganiza kuti munthu wayenda dziko lonse lapansi n'kutibweretsera chinthu chimene amayi amagulira nsalu pamsika.

Ndidawafunsa mwachipongwe pang'ono. “Atsibweni, inu ophunzira, mita yakulakwirani chiyani?”

Sadakwiye. Adati mita adagwira nayo ntchito za eni ake zaka zonsezo. Koma agogo ake a mwanayo, mayi a malemu akazi awo, ankayeza dimba lawo la mbatata ndi ndodo ya sajeni, ndipo mwanayo ali wamng'ono ankakonda kuikoka ndodoyo n'kumayeza chilichonse, bedi, mpanda, bambo ake amene. Ndiye polonjeza adalonjeza m'chiyankhulo cha awiriwo. Adamuuza kuti chipinda chake chidzakhala sajeni zitatu m'mimba mwake, ndipo khomo lidzakhala sajeni imodzi kuti asadzawerame polowa.

Adadula nsungwi yowongoka, naiyeza ndi tepi ya mmisiri uja mpaka idakwana sajeni ya boma, naiwotcha ndi waya wamoto m'malo awiri kuti maarishini atatu aoneke. Nsungwi imeneyo idasanduka mwendo wawo wachitatu. Kumunda anali nayo, kutchalitchi ankaisiya pakhomo, pamsika wa Mitundu ankayenda nayo. Anyamata ogulitsa kaunjika adaimva nkhaniyo, ndipo akangowaona ankakuwa kuti, “Sajeni! Sajeni yafika!” Iwo ankangokweza nsungwi ngati akuwapatsa moni. Tsiku lina ndikuyenda nawo, mmodzi adafuula kuti, “Taonani, ndodoyo ndi mkulu wake wa mphwawoyo!” Msika wonse udagwa nacho chiseko. Ndidafulumira kuchokapo, koma mawu aja sindidawaiwale.

Chilimwe chonse tidaumba zidina. Ndinkabwera kuchokera ku Nathenje ndikapeza mpata, apongozi akundiwerengera masiku ndi maso, poti mkamwini akamachulutsa maulendo akwawo amayamba kuoneka ngati mlendo pamunda. Makoma adakwera bwino. Anthu odutsa ankafunsa ngati tikumanga tchalitchi, chifukwa nyumba yotambalala choncho, ya khomo lalitali choncho, kudalibe m'mudzi monse. Atsibweni ankayeza mzere uliwonse, akutsokomola, akumwetulira.

Makoma atatha, mitambo itayamba kusonkhana chakumadzulo, chifuwa chidawagwetsa. Tidagwirizana zowatengera kuchipatala ku Nkhoma. Asananyamuke adandiitana, ali gone pamphasa.

“Mphwanga, mvula yayandikira ndipo nyumba ilibe denga. Upite kwa odula mitengo ku Dzalanyama. Phaso lililonse likhale sajeni ziwiri. Utenge nsungwi.”

“Ndamva, atsibweni.”

“Utenge nsungwi,” adabwerezanso, n'kundipatsa m'manja.

Ndidaitenga ndithu. Ndidaimangirira panjinga, itatulukira kutsogolo, itatulukiranso kumbuyo. Koma tsiku limenelo lidali la msika, ndipo njira ya ku Dzalanyama kuchokera kwathu imadutsa pamsika pomwepo. Nditangofika pamene amagulitsa mbuzi ndidamva mawu aja ayamba: “Mng'ono wake wa sajeni uyo! Wakwera mkulu wake!” Ndidakhota, ndidabwerera kunyumba, ndidaimasula n'kuitsamiritsa pankhokwe ya amayi. Amayi adandifunsa kuti bwanji, ine ndidati ikundisokoneza popalasa. Mumtima ndinkati, si adanena okha kuti sajeni ndi mkwamba? Manja ndili nawo, nsungwi ya chiyani?

Masiku amenewo m'mphepete mwa nkhalango mudali piringupiringu. Anthu ankati ufulu wafika, mtengo ulibenso mwini, ndipo nkhwangwa zinkalira mbali zonse. Ndidapeza bambo wina wodula mapaso, ndidamuuza chimene ndikufuna. Adandifunsa kutalika kwake. Ndidagoneka mtengo pansi, ndidatambasula manja kamodzi, ndidaika chizindikiro, ndidatambasulanso kachiwiri.

“Apa,” ndidatero.

Bamboyo adayang'ana mtengo, adandiyang'ana ine. “Nyumba yake ndi yaikulu bwanji, achimwene?”

Lidali funso labwino. Koma ine ndidamva ngati akundiyeza msinkhu, ndiye ndidamuuza kuti ntchito yake ndi kudula, osati kufunsa. Adadula onse pa muyeso wanga, naasadza bwinobwino, ndipo ngolo idawabweretsa kwathu. Ndidawaunjika pafupi ndi nkhokwe, pomwepo pamene nsungwi idatsamira. Kungoigoneka pambali pa phaso limodzi kukadanditengera nthawi yomwera madzi. Sindidatero.

Atsibweni adatuluka kuchipatala ataonda, koma maso ali gwa panyumba. Tidaitana amuna a m'mudzi kuti tikweze denga, amayi adaphika thobwa, ndipo wodwala tidamkhazika pampando pamthunzi kuti aziona. Mtanda wapakati udakwera bwino, chifukwa udali wa bulugamu wa pakhomo ndipo adauyeza okha asanadwale. Kenaka mmisiri adapempha phaso loyamba. Adaligoneka pakhoma, nalikankhira kumtanda. Silidafike. Adatenga lina, nalonso silidafike. Adayesa lachitatu ngati kuti mitengo ingasinthe maganizo.

Atsibweni adadzuka pang'onopang'ono, adapita pankhokwe, adatenga nsungwi yawo. Adaigoneka pambali pa phaso kamodzi, naisuntha kachiwiri. Phaso lidathera panjira, nsungwi idapitirira yokha.

“Unayeza ndi chiyani, mphwanga?”

“Ndi manja, atsibweni. Munati sajeni ndi mkwamba.”

“Tatambasula.”

Ndidatambasula manja pansungwi paja, pamaso pa mudzi wonse. Chala changa chidangopitirira pang'ono chizindikiro chachiwiri, pafupifupi arishini yathunthu idatsala ikundiyang'ana. Amuna aja adaphulika kuseka, ena mpaka kugwira pamimba. Tsiku limenelo sindidakwiye ndi aliyense. Ndinkangoyang'ana nkhope ya atsibweni, ndikufuna kuti andikalipire, anditukwane, andimenye ndi nsungwi yomweyo. Iwo adangoti, “Ndidanena zambiri tsiku lija. Ndikadanena chimodzi chokha.” Kalanga ine, munthu adatenga cholakwa changa n'kudzisenzetsa.

Mmisiri adati njira ilipo imodzi, kulumikiza mapaso awiri kuti apange limodzi, kumanga zolimba ndi luzi ndi waya. Koma tikatero akwana theka la nyumba, chipinda chimodzi chokha. China chidikire mitengo ina. Onse tidatembenukira kuchipinda cha atsibweni, chakumanja, poti wodwala ndiye amafuna denga.

“Folerani cha mwana,” adatero.

Amayi adawomba m'manja. “Achimwene, mwanayo ali kutsidya kwa nyanja! Inu muli pano, mukutsokomola!”

“Folerani cha mwana. Changa chidikira, mphwanga abweretsa mitengo ina.”

Ndidalumbira pomwepo kuti sabata isanathe ndibwerera ku Dzalanyama, nsungwi ili paphewa. Ndidanena ndi mtima wonse. Koma mvula idagwa mkucha wake, yamphamvu, ndipo siidaleke. Madambo a njira ya kunkhalango adadzaza, mwini ngolo adati ng'ombe zake sazipha chifukwa cha mapaso. Ku Nathenje nako fodya wa panazale adali atakwana kuwokera, ndipo fodya sadikira munthu. Zaka zimenezo alimi wamba tidali titangololedwa kulima fodya wa bale, aliyense mutu udali pamenepo. Apongozi adatuma mwana kudzandiitana. Ndidapita ndikunena kuti ndibwera sabata yamawa. Sabata yamawa kudali kupalira, kenaka feteleza, kenaka kukonza chigafa chopachikamo fodya. Zengerezu adalinda kwawukwawu, ndipo zengerezu wake ndidali ine.

Nditabwerako ku Mitundu chaka chatsopano chitalowa, ndidalunjika kukaona nyumba ija. Makoma a chipinda cha atsibweni adali atasungunuka, zidina zimene tidaumba chilimwe chonse zitabwerera kudothi, mtanda uli pululu m'mwamba. Chipinda cha mwana chidaima bwinobwino, chofolera, chozira pansi, chitseko chatsopano chotalika sajeni imodzi chili chotseka. Ndidaganiza kuti atsibweni akugona m'menemo. Amayi adandilozera kukhitchini yakale.

Ndidawapeza m'menemo, m'kanyumba kodontha, kakuda ndi mwaye, mphasa yawo itayalidwa pakati pa mafuwa ndi chitete cha nkhuku yofungatira. Munthu wamtali choncho sankatha ngakhale kuwongola miyendo. M'nyumba ya amayi adakana kugonamo, poti mlongo wamkulu sagona nyumba imodzi ndi mlongo wake, pamenepo mwambo adaukumbukira bwino. Utsi wa m'mawa udali usanatuluke, ndipo chifuwa chinkawang'amba.

Ndidapsa mtima, monga ndimachitira ndikachita manyazi. “Atsibweni, kodi n'chiyani chimenechi? Nyumba yabwinobwino ili apo, inu mukugona ndi nkhuku? Mukufuna anthu azinena kuti tikukuzunzani?”

“Khala pansi, mphwanga.”

“Sindikhala! Lowani m'chipinda chija lero lomwe. Akabwera mwanayo mudzatuluka.”

Adadikira kuti chifuwa chiwasiye. “Ndidamsiya kamodzi kuti ndibwere kuno. Kumeneko ndidalibe choti n'kumsiyira. Chipinda chija ndicho chinthu choyamba chimene ndampatsa chathunthu. Akabwera apeze fungo la nkhalamba yodwala? Apeze makhololo anga pakhoma? Ayi. Changa ndidikira.”

Sadanene kuti akudikira ine. Sadafunse n'komwe za mitengo. Adandifunsa za fodya, ngati wakula bwino, ngati apongozi akukondwa. Amayi adandiuza kuti m'mawa uliwonse ankadzikoka mpaka kuchipinda chija, natsegula, nasesa ataima pakhomo ndi tsache lomangirira kunsungwi, natsekanso.

Ndidayesa, zoona ndidayesa, koma mochedwa. Ndidayenda m'midzi kufunafuna bulugamu wotalika, koma aliyense adali atadula wake kumangira zigafa. Ndipo ngakhale ndikadapeza, ndikadaukhazika pa chiyani, makoma atagwa? Zidina siziumbika m'dzinja. Ndidawalonjeza kuti mvula ikangotha tiyambiranso. Adati, “Chabwino, mphwanga,” ngati mmene umayankhira mwana amene akukuuza kuti akadzakula adzakugulira ndege.

Adamwalira chimanga chikuyamba kudyedwa dowe, m'khitchini momwemo, masana, amayi atapita kukatunga madzi. Ine ndidali ku Nathenje ndikusoka fodya.

Anthu andiuza zambiri zonditonthoza. Amayi ankati matendawo adabwera nawo, akadagona m'nyumba ya malata akadapitabe. Namwino wina wa mpingo wathu adanenanso chimodzimodzi. Mwina ndi zoona. Koma ine ndimadziwa kuti munthu wa chifuwa adagona dzinja lonse mu utsi ndi m'chinyontho chifukwa ine ndidaopa kusekedwa ndi anyamata a kaunjika. Akadapita, inde, koma akadapita ali m'chipinda chawo, miyendo itawongoka, khoma limodzi ndi chipinda cha mwana wawo. Chimenechi chimandiwawa mpaka lero, ndipo sindifuna kuti wina andichotsere.

Nditafika pamaliro ndidapeza akuluakulu atasonkhana pambali, akukambirana kumene thupi ligone. Kwathu maliro a munthu wamkulu amagona m'nyumba mwake, azimayi atazungulira, mpaka nthawi yonyamuka kupita kumanda. M'khitchini simukadatheka, ndi manyazi, ndiponso simukadakwana anthu. Nyumba ya amayi si yake. Padatsala malo amodzi.

Ndidakana. Ndidati chipinda chija adachisunga dzinja lonse, adafera kuchisunga, musachitsegule. Ndidalankhula mokweza mpaka wina adandigwira paphewa. Mkulu wina wa mpingo adandifunsa modekha kuti, “Nanga chipinda chawo chili kuti, mwana wanga, kuti tikawagoneke m'menemo?” Sankandinyoza, ankangofunsa. Ndidatembenuka kuyang'ana mulu wa dothi uja, pamene padali patamera kale chisoso ndi maungu.

Adzukulu, anthu ogwira ntchito ya pamaliro, adawanyamula pamphasa kuchokera kukhitchini. Potuluka kumeneko adachita kugwada ndi kupendeketsa, khomo lake lidali lalifupi. Adadutsa pabwalo, ndipo wina adakankha chitseko chachitali chija. Mkati mudali mosesa, pansi posalala, pakhoma chithunzi cha mtsikana uja chili pamsomali. Adalowa nawo ali chiimire, palibe amene adawerama.

Amayi, amene zaka zonse zija ankauza anyamata a chipani kuti alibe mlongo, adagwa pakhomo paja, natambasula manja onse awiri, nalira mokweza kuti, “Lowani, achimwene! Lowani m'nyumba mwanu, mwagona panja mokwanira!”

Ine ndidakhala kunja ndi amuna anzanga, msana nditatsamira chigumula cha chipinda chawo.

Maliro atatha ena adati nyumba imene mwagona mwini wake atafa imagwetsedwa, monga ankachitira makolo. Pamenepo ndiye mkwiyo wanga udagwira ntchito yabwino kamodzi m'moyo. Ndidati mwini wake sadafe, ali ku Rasha, ndipo amene akhudze khoma ili ayambe wathana ndi ine. Adandisiya.

Uthenga wa maliro tidautumiza kudzera mwa mnzawo wina amene adabwerera nawo limodzi kuchokera kunja. Ngati udafika, sindidziwa. Msuweni wanga sadabwere. Chipindacho ndimachifolera chikayamba kudontha, ndipo mapaso olumikiza aja ndidawasintha chilimwe chotsatira. Ndidapita ku Dzalanyama tsiku la msika, nsungwi ili paphewa, ndikuyenda pansi pakati penipeni pa anyamata a kaunjika. Palibe ndi mmodzi yemwe amene adaseka, onse adali atamva za maliro aja.